Warda Si Rose

Clive anadikira mpaka motoka itaima pa geti ya makolo ake ku Kabulonga. Apo ndi pomwe analavula mawu amene anawasunga m'kamwa njira yonse kuchokera ku Kabwata.

"Warda, pali kanthu kang'ono che. Ba mami badziwa kuti dzina lako ni Rose."

Warda Shawa anali akukonza ndolo pa kagalasi ka kutsogolo. Dzanja linaima m'malere.

"Ati chani?"

"Sininame kwenikweni. Warda itanthauza rozi. Ninangomasulila che."

Anali Clive yemweyu amene chaka chatha, pa ukwati wa mnzawo ku Chelstone, anamufunsa dzina n'kulifufuza pa foni anthu ena akuvina. Anabwerera akumwetulira n'kumuwerengera: dzina la Chiarabu, la ana aakazi, duwa la rozi, limene Aswahili a kugombe amati waridi. Anthu a ku Kabwata ankangoti Wada, aphunzitsi ena ankalemba Walida, koma mnyamata ameneyu analitchula mosamala ngati wanyamula dzira. Mawa lake anatulukira ndi duwa lofiira limene analibisa m'jekete mpaka linathyoka khosi.

"Dzina lamene unakamba kuti ni lokoma kupambana onse mu Lusaka, lelo lakuchititsa manyazi?"

"Siuwadziwa ba mami. Ku chechi kwao bamakamba maningi za maina. Bakayamba kukukonda nizabauza. Lelo che, napapata."

Geti inayamba kutseguka. Warda akanatha kutsika n'kukakwera minibasi, koma mayi ake anali atamusitira diresi m'mawa ndipo mzere wonse wa nyumba kwawo unamuona akunyamuka. Anakhala phee, motoka n'kulowa.

*

Mai Mukuka, mayi ake a Clive, anali mzimayi wamtali, wotsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi chawo cha Pentekosite. Anamukumbatira Warda pakhonde, mafuta awo onunkhira n'kumukakamira pa diresi.

"Rose mwana wanga, mwaiseni. Waona maluwa anga apo? Marozi okhaokha. Mulungu ananiuza kale."

Warda anamwetulira. Nthawi iliyonse akamuitana kuti Rose ankachedwa kuyankha, ngati munthu woyenda ndi nsapato za mnzake.

Atangoyamba kudya, chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa mtsikana wowala khungu atanyamula keke. Anali Kimberly, mwana wa mnzawo wa Mai Mukuka, woimba kutsogolo kutchalitchi. Warda anali atamvapo za iye. Clive ankamutchula kuti mlongo, koma aliyense ankadziwa kuti mayi ake anamusankhira kalekale mtsikanayo.

Kimberly anaika keke patebulo, n'kumuyang'ana mlendo kuyambira kumutu.

"Warda Shawa? Ndiwe? Tinali kalasi imodzi ku sekondale, wanikumbukila?"

"Uyu ni Rose," anatero Mai Mukuka.

"Rose? Kapena anasintha, ba anti. Ise tinali kumuitana Warda. Mpaka tinali kumufunsa ngati amasala kudya pa Ramadani." Anatulutsa foni mosafulumira, ngati munthu amene anakonzekera kale tsamba lake. "Onani apa. Dzina la Chiarabu. Lofala pakati pa Asilamu, ku Somaliya, ku Zanzibar, ku Iguputo. Ni lokoma, ka?"

Mai Mukuka anaika foloko pansi.

"Mwana wanga, dzina lako ndiwe ndani?"

"Warda, amai."

"Upemphela kuti?"

"Ndine Mkatolika. Ninabatizidwila ku Kabwata."

"Nanga dzina ili anakupatsa ndani?"

"Atate."

"Ni Asilamu?"

"Iyayi."

"Manje analitenga kuti?"

Warda sankadziwa. Pa zaka zake zonse sanafunsepo. Bambo ake anachoka pakhomo iye ali wamng'ono, ndipo dzinalo linali chinthu chokhacho chimene anamusiyira.

"Ine Asilamu sinizondana nao, nsalu zanga nigula kwa iwo ku Kamwala," anatero Mai Mukuka, mawu ali ofatsa. "Koma dzina ni khomo. Chamene chinalowela pa khomo iyo iwe wekha siuchidziwa. Ndipo walowa m'nyumba yanga na bodza pa tsiku loyamba."

Warda anatembenukira kwa Clive. Anadikira kuti anene kuti bodzalo linali lake. Clive ananyamula tambula n'kumwa madzi, pang'onopang'ono, mpaka anatha.

Kimberly anafunsa ngati pali wofuna keke.

*

Warda anakana kuti Clive amuperekeze. Anayenda wapansi pansi pa mitengo ya jakaranda mpaka pa siteshoni, n'kukwera minibasi yopita m'tauni. Mameseji anayamba asanafike ngakhale ku Longacres.

"Sore. Ninasokonezeka."

"Yankha, Warda."

"Nakamba nao. Bakamba ati sibakuzonda."

Warda analemba: "Wabauza kuti Rose ni dzina lamene unanipatsa iwe?"

Panapita nthawi foni ikuonetsa kuti Clive akulemba, akufufuta, akulembanso.

"Nizabauza bakatsika mtima. Manje pali njila. Ba busa bangakubatize futi, utenge dzina lina. Ukachita izo ba mami bazatuma nkhoswe kwanu na mbale yofunsila ukwati. Ni dzina che, Warda. Iwe uzakhala yemweyo."

Warda anaika foni m'chikwama. Kondakitala atamufunsa kumene akutsikira, anazindikira kuti wakwera basi yosadutsa kwawo.

*

Lamulungu Warda atachokera ku Misa, anapeza mayi ake, a Febby, atakhala pampasa kuseri kwa nyumba akusenda nshawa. Anali asanavule chitenje cha bungwe la amayi a tchalitchi. Za ku Kabulonga anali atazimva kale theka, theka linalo anaziwerenga pankhope ya mwana wawo.

Warda anakhala pambali pawo n'kuyamba kusenda nawo.

"Amama, dzina langa linachokera kuti?"

"Kwa atate ako."

"Iwo analitenga kuti?"

A Febby anaphwanya nshawa ina, n'kutaya makoko m'lichero lolakwika. Anawatolamo limodzilimodzi.

"Mami, zinthu zina ukazifukula zimanunkha."

"Zanunkha kale. Dzulo ndinakhala ngati chitsiru pamaso pa anthu. Ndipo inu simunanditchulepo dzina langa. Kuyambira ndili mwana ndi mami, mami. Ndimayesa ndi chikondi."

"Ndi chikondi."

"Ndiye ndiuzeni."

Mayiyo anayang'ana kumpanda, kumene wailesi ya aneba inkaimba nyimbo za kwaya. Kenako anayamba, mawu ali otsika.

"Atate ako ankayendetsa lole ya katundu kupita ku Dar es Salaam. Utabadwa iwe anali kuulendo. Ine ndinali nditakonza dzina la amayi anga, Tikambenji. Atafika anakunyamula, anakuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti uyu ndi Warda. Ndinafunsa kuti n'chiyani chimenecho. Anati kugombe ndi dzina la duwa lonunkhira kuposa onse, Aarabu anabwera nalo ndi zombo zawo kalekale, ndipo amapatsa mwana wamkazi amene akufuna kuti akule wokongola ndi wofatsa. Anati ngakhale madzi a duwalo amawaza alendo pa ukwati. Ndinakondwa. Ndinkaona kuti mwamuna wanga ndi woyenda, wabweretsa chinthu chimene m'Kabwata muno mulibe."

"Ndiye?"

"Unali utayamba kuyenda pamene kunabwera mnzake wa malole, Gerald, ataledzera. Ndinakuitana kuti uchoke pa mbaula. Gerald anamva dzinalo, anaseka mpaka kutsamwa. Akuti, Amock, wafika naye mpaka kuno Warda wa ku Kariakoo? Atate ako anamukankhira panja. Koma mawu anali atatuluka kale."

Warda anasiya kusenda.

"Anali mkazi?"

"Ankagulitsa tiyi ndi mandasi ku Kariakoo komweko, mu Dar es Salaam, pamene ankaimika malole. Anayamba naye ine ndili ndi pakati pako."

"Bwanji simunalisinthe?"

"Unali utabatizidwa nalo. Ndikanasintha, Kabwata yense akanafunsa chifukwa. Ndinali mwana, ndinkaopa kusekedwa kuposa kupweteka." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Pita kumsika ukafunse Febby Shawa, palibe amene angakulozere. Onse amandidziwa kuti amake Warda. Kutchalitchi, kumaliro, pa mpopi. Mwamuna anapita kwa mkaziyo, ine ndinatsala ndikuvomera dzina lake m'mawa ndi madzulo."

"Ali naye mpaka pano?"

"Ku Nakonde kumene amakhala tsopano? Kaya. Sindifunsa. Akaimba foni amafuna iwe, osati ine."

Warda anakumbukira mmene bambo ake ankatchulira dzinalo pa foni, kulikoka mokoma, iye n'kumamva kutentha mumtima. Ankayesa kukomako n'kwake.

Anadzuka, analowa m'nyumba, n'kukhala pabedi chitseko chili chotseka. Sanalire. Anangomva mkamwa kuwawa ngati watafuna mankhwala a malungo.

*

Pakati pa sabata anavomera kukumana ndi Clive pa kamalo komwera tiyi ku Woodlands. Asanatuluke m'nyumba anaona chithunzi chimene Kimberly anaika pa foni: iye ndi Mai Mukuka akudulira maluwa, pansi pake atalemba kuti duwa lenileni silisintha dzina.

Clive anafika ndi maso ofiira. Anafuna kumugwira dzanja, Warda analibweza.

Anamufotokozera zonse, za lole, za Gerald, za mkazi wa tiyi. Ankayembekeza kuti mwina amumvera chisoni. Koma pamene ankamaliza anaona nkhope ya Clive ikumasuka ngati ya munthu amene watula katundu.

"Manje ni chapafupi, Warda. Dzina iyo siyenela ngakhale kukhala pa iwe. Ni ya hule wa batate bako. Itaye che. Ba mami bako nabo bazapumula."

"Wakondwela."

"Sinakondwele. Nikamba che kuti vuto yasila."

"Vuto ya ndani?"

Clive anazunguza supuni m'kapu ya tiyi.

"Atate ananipatsa dzina kuti azikumbuka mkazi wao," anatero Warda. "Iwe unanipatsa Rose kuti ba mami bako basakalipe. Manje ba busa bafuna kunipatsa lina kuti chechi ikondwele. Aliyense amabwela na dzina lake kunivalika. Palibe ananifunsapo."

"Nanga ufuna kusunga dzina ya mkazi anaononga nyumba yanu?"

"Nilizonda. Kuyambila pa Sondo nikamva munthu aniitana nimvela mseru. Koma nakhala nalo moyo wanga wonse. Ninalemba nalo mayeso, ninadwala nalo, unanikonda nalo iwe. Nikazalitaya nizalitaya nekha, osati pamaso pa Kimberly ataimilila na maikolofoni."

"Kimberly alibe kanthu na ine."

"Ali na ba mami bako. Ndipo kwanu uko ba mami bako ndiye iwe."

Clive anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. Pamene anayankhulanso sanamuyang'ane.

"Pali china. Usakalipe. Pa Mande ninatumila batate bako."

"Nambala unaitenga kuti?"

"Unabatumilapo na foni yanga tsiku lija yako inazima. Ba mami banakamba ati bafuna kumvela kwa munthu anapatsa dzina. Nenze kuganiza bazakamba che pa foni kuti ni dzina ya maluwa, basi. Koma bakamba ati nkhani ya ukwati siikambidwa pa foni. Babwela pa Chibelu, Loweruka lino, na basi ya m'mawa."

Warda anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali mnyamata wokongola, wofatsa, wosamwa mowa. Sanamukwezerepo mawu. Zonse zimene ankamulakwira ankazichita mwaulemu, akufuna kuti aliyense asakhumudwe.

"Unabauza chani?"

"Kuti ba mami bafuna kudziwa kwamene dzina inachokela."

"Na amama anga, unabaganizilako?"

Clive anayamba kupepesa. Warda ananyamula chikwama chake.

*

A Febby atamva sananene zambiri. Anati mwamunayo ndi bambo wa mwana, nkhani ya mbale singayende popanda iye. Lachisanu anasesa chipinda chaching'ono, anachapa makatani, n'kugula nkhuku yamoyo ku City Market. Warda anawaona akuyesa duku latsopano pagalasi, n'kulivula msanga atamva mapazi ake.

Loweruka m'mawa Clive anabwera kudzamutenga. M'motoka kumbuyo munali Mai Mukuka, Baibulo lili pamiyendo.

"Nifuna nibaone nekha batate bako basanakonzekele mau," anatero mayiyo. "Munthu wochoka m'basi sakhala na nthawi yopeka."

Pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, Mai Mukuka anatsala m'motoka kunja kwa mpanda, magalasi atakwezedwa. Warda ndi Clive analowa pakati pa anyamata a mawilibala ndi oitanira mabasi, wina kuwakoka ku Kitwe, wina ku Chipata. Basi ya ku Nakonde inali itangoima, fumbi lofiira lili mbuu mpaka pamawindo.

Anthu anatsika ndi matumba a mpunga, mabokosi, ana ogona. Kenako Warda anawaona bambo ake. Anali atachepa thupi kuposa m'chithunzi cha kunyumba, ndevu zoyera, mkanjo wautali, kachisoti koyera kumutu. Clive anapuma mokoka.

A Amock anaponda pansi, anawongola msana, n'kuitana ndi mawu omwe aja a pa foni, okoka mokoma.

"Warda."

"Atate," anayankha, mapazi atayamba kale kupita okha.

Koma bamboyo sankayang'ana iye. Anali atatembenukira kukhomo la basi, dzanja atatambasula.

"Warda, tsika bwino, sitepe ndi yaitali."

Anatsika mzimayi wonenepa pang'ono, wachikulire, atafunda nsalu yobiriwira kumutu mpaka m'mapewa, zikhatho zili ndi maluwa ojambula. Bondo limodzi linkamuvuta. A Amock anamugwira m'chiuno mpaka anaima bwino, kenako n'kumukonzera nsalu imene inatsetsereka. Warda sanaonepo bambo ake akugwira munthu choncho.

Apo ndi pomwe anamuona mwana wawo.

"Ndi uyu," anauza mzimayiyo monyadira. "Ndinakuuza kuti wakula." Anatembenukira kwa Clive. "Ndiwe mkamwini? Unati amayi ako akufuna kudziwa kumene dzina linachokera. Ine kufotokoza sinditha. Ndabwera naye mwini wake."

Mzimayiyo anayandikira n'kugwira manja onse awiri a Warda. Ankanunkhira bwino, ndipo m'maso mwake munali misozi.

"Mwanangu," anatero m'Chinyanja chothyoka. "Ine Mulungu sanapatse mwana. Zaka zonse nafunsa, Warda mdogo, wamng'ono uja, ali bwanji, adya, apita sukulu? Lelo naona."

Warda anafuna kuchotsa manja ake, koma anali olemera. Anali atakonzekera kudana ndi hule wa m'nkhani ya mayi ake, osati gogo wa bondo lotupa amene ankamuyang'ana ngati wapeza chake chotayika. Chidanicho chinasowa pogwera.

Clive anamukokera pambali, thukuta lili pamphuno.

"Warda, mvela. Ba mami bali panja. Uza batate bako bavule kachisoti, bavale jekete yanga pamwamba. Aba bamai tibakwezeke takisi, bapite ku loji. Tizakamba ati batate babwela beka."

"Tiname futi?"

"Lelo che. Nizakonza vonse, nikulonjeza."

Foni ya Warda inanjenjemera m'dzanja. Anali mayi ake. Anaiyang'ana ikuitana mpaka inasiya, kenako panabwera meseji: "Afika? Nkhuku yapsa. Uwauze asadye m'njira."

Anayang'ana bambo ake, amene ankakangana ndi mnyamata wa wilibala. Anayang'ana Clive, amene anali atavula kale jekete n'kuigwira ngati thumba lobisiramo nyama yakuba. Kupyola mpanda, galasi la motoka linali litatsika, ndipo Mai Mukuka anali atasuzumira kufunafuna.

"Vala jekete yako, Clive."

Warda anawerama n'kunyamula chikwama cha mzimayiyo. Chinali cholemera, chingwe chake chinamudula m'zala.

"Tiyeni, amayi," anatero, osamuyang'ana kumaso. "Motoka ili panja. Muli munthu amene wakhala akukufunsani sabata yonse. Tikachoka apo tipita ku Kabwata, kulinso wina."